Mbemba Ataba Galimoto ya Amalume

Chinsalu chimene amalume ankafunditsa galimoto yawo chinali cha masaka a ufa. Anachisoka okha ndi chisingano chosokera matumba, ndipo pakang'ambika ankangoikapo chigamba cha saka lina, moti pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, chinsalucho chinali chitalemera ngati bulangete lonyowa. Chinkanunkha fumbi, oyilo ndi gaga wakalekale. Mphaka wa anthu a nyumba yotsatira ankakonda kugona pamwamba pake, ndipo amalume, munthu wofatsa amene sankakweza mawu ngakhale kwa woledzera, ankamuthamangitsa mphakayo ndi mawu osayenera mkulu wa mpingo.

Pansi pa masakawo panali chinthu chimene Matero yense, komboni yathu ya mu Lusaka, ankachidziwa. Inali kagalimoto kakale ka ku Mangalande, kobiriwira ngati masamba a mpiru, kafupi kolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mphuno yake inali yaitali, magudumu a masipoko ngati a njinga, chiwongolero chamtengo, denga la tenti lopindira kumbuyo. Mipando inali iwiri basi, wa woyendetsa ndi wina pambali pake. Ukakhalamo unkamva ngati wakhala pansi pamsewu penipeni, ndipo injini ikalira, kulirako kunkakulowa m'mimba.

Amalume anayendetsa malole moyo wawo wonse. Galimotoyi anaipeza akadali mnyamata, pa famu ya mzungu wina wokalamba cha ku Chisamba, nkhuku zikuikira mazira pampando. Anaikoka ndi chingwe mpaka ku Matero, anthu akuwaseka njira yonse, ndipo zinawatengera zaka kuti itsokomole koyamba. Chitsulo ichi anachitola kwa ogulitsa zakutha, icho anawabweretsera mnzawo wa malole kuchokera kummwera, china anachita kusulitsa. Inali yaikulu kwa ine, yaikulu kwa mkulu wanga, ndipo m'nyumba mwathu inkapatsidwa ulemu wa munthu wamkulu. Amayi ankaitchula kuti alamu. Akafuna kuyanika zovala ankati, “Pitani mukaone ngati alamu afunda, angadonthedwe ndi madzi.”

Si onse ankaikonda. M'komboni galimoto ndi ya maliro, ya wodwala pakati pa mvula, ya thumba la makala. Galimoto yonyamula munthu mmodzi yekha anthu ankaiona ngati mwano. “Motoka ya munthu womana,” ankatero azimayi pa mpopi, osatsitsa n'komwe mawu. Amalume zikawafika ankangoseka n'kunena kuti, “Na bedi ni ya anthu awiri, koma sininamvepo munthu akuti bedi ni yomana.” Komabe wodwala sankamukana. Ndinaonapo agogo ena akupita kuchipatala m'menemo, duku lili pekupeku, akukuwa kuti awatsitse poti imfa ya malungo inali yabwinoko.

Bambo anamwalira ine ndili wakhanda, ndipo amalume anatitenga tonse atatu, amayi, mkulu wanga ndi ine, kudzakhala nawo m'nyumba yawo ya khansolo. Akazi awo anali atamwalira kale, ana sanasiye. Kwathu ku Katete malume ndiye mwini mbumba, ndipo awa anali otero ndithu: analera amayi, kenaka n'kulera ife. Amayi, mkazi wamkulu wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika, wotha kukalipira kondakitala mpaka minibasi yonse kuti zii, akafuna kuyankhula ndi alongo awo ankagwada pakhomo.

Loweruka linali tsiku la alamu. Amalume ankachotsa masaka aja pang'onopang'ono, kuwapinda, kenaka n'kutenga ndowa ziwiri, ya sopo ndi ya madzi oyera. Masipoko ankawatsuka limodzilimodzi ndi mswachi wakutha. Mipando ankaipaka mafuta ndi kansalu kofewa, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Akatha ankaliza injini n'kuima chete, mutu uli chopendekera, kumvetsera. Lamulungu tikaweruka ku mapemphero, tikadya, ankavala kapusi yawo ya bulauni, ndipo mpando wachiwiri unali wanga. Poyamba unali wa mkulu wanga, koma iye atakula anayamba kudandaula kuti mphepo ikumuwonongera tsitsi. Tinkatuluka m'Matero, kulowera cha ku tauni, kuzungulira, n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Ana anzanga ankatithamangira mpaka pa kona, ine nditakweza mphuno ngati mwana wa nduna. Kunena zoona, ndinali wonyada koopsa.

Nyengo yozizira imene ndikukumbukayi ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi, ndipo inabwera ndi zinthu ziwiri. Choyamba aliyense ankachidziwa: mkulu wanga ankakwatiwa kumapeto kwa Ogasiti, ndipo amalume anali atamulonjeza kalekale kuti pa tsiku lake adzamunyamula okha pa galimotoyo kupita naye ku tchalitchi. Chachiwiri ankachidziwa amalume okha. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Achipatala anadzatiuza pambuyo pake kuti anali matenda a shuga, koma nthawi imeneyo palibe amene anali atauzidwa kanthu. M'nyumba ankayenda bwinobwino poti ankadziwa pamene pali chilichonse. Baibulo ankalitsegula n'kumanena mavesi a pamtima. Pamsewu pokha ndi pamene panalibe chobisalira.

Choncho anayambitsa masewera. Lamulungu lina m'mwezi wa Juni, tikutuluka pageti, anati, “Tione ngati maso yako ni yakuthwa. Uziniuza vonse vamene uona kusogolo, usasiyeko olo chimozi.” Ine ndinasangalala. Ndinagwada pampando kuti nditalike, mphepo yozizira ikundiluma makutu, n'kuyamba kulengeza dziko lonse. “Njinga kumanzere! Galu! Ba mayo na mwana! Hampu!” Ndikatchula msanga ankati, “Wamuna!” ngakhale ndinali mtsikana, ndipo pobwerera ankandigulira chitumbuwa chotentha chokulunga m'pepala. Posakhalitsa ndinaphunzira kuti mitengo ndi zikwangwani alibe nazo ntchito, akufuna zoyenda ndi zokumbika. Ndinaphunzira kunena kuti minibasi iyo ikufuna kuima ngakhale isanasonyeze, poti kondakitala watulutsa kale mutu. Tinkayenda pang'onopang'ono kuposa kale, moti anjinga ena ankatipitirira, koma ine ndinkaganiza kuti amalume akufuna kuti anthu atione bwino.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikaganiza za maulendo amenewo ndimachita mantha. Munthu wina atachita zimenezo ndi mwana wanga, sindikudziwa kuti ndingamutani. Amalume analakwa, ndipo sindifuna kuwayeretsa. Koma ndakulanso mokwanira kudziwa kuti munthu amene wagwira chiwongolero kuyambira unyamata wake sadzuka m'mawa umodzi n'kunena kuti basi. Amayamba wanamiza anthu, ndipo asanatero amakhala atadzinamiza yekha.

Miyezi iwiri ija ndimaikumbuka ndi fungo la utsi wa mbaula m'mawa, mbatata yootcha m'matumba a yunifolomu, milomo yong'aluka imene amayi ankatipaka mafuta mokakamiza. M'nyumba munadzaza zaukwati. Azimayi a kumpingo ankabwera masana kudzalangiza mkulu wanga m'chipinda chotseka, ine n'kuthamangitsidwa. Anyamata ndi atsikana operekeza ankayeserera magule pabwalo, fumbi lili koboo, wailesi italumikizidwa ku batire. Amalume nawo anali pa ukwati wawowawo. Anasokanso pamene denga linang'ambika, anapukuta nyali mpaka munthu kumadziona, ndipo mkulu wanga akamadutsa ankamuuza kuti asanenepe, chitseko cha alamu n'chaching'ono.

Kenaka Lamulungu lina, pamene mphepo ya Ogasiti inali itayamba kuulutsa mapepala, tikubwerera pafupi ndi msika, ndinaona mnzanga wa kusukulu atavala nsapato zatsopano zofiira. Ndinatembenuka kuti ndimukuwire. Pomwepo ndinamva phokoso, galimoto n'kugwedezeka, n'kuzima. Tinali tagunda wilibala ya mnyamata wina wonyamula makabichi. Mnyamatayo anali atalumphira m'ngalande, osavulala, koma makabichi anali mbwee msewu wonse, ndipo nyali imodzi ya alamu inali itasweka. Wilibalayo sinatulukire pakona. Inali pakati pa msewu, dzuwa likuswa mtengo, ndipo munthu aliyense wamaso akanaiona ali kutali. Amalume anatsika, anapepesa, anatola nawo makabichi mopapasa, n'kukonza nkhaniyo mwaulemu. Tikupita kunyumba sanandikalipire. Koma chitumbuwa anaiwala.

Amayi ataona nyaliyo anandifunsa ine, osati iwo. Tinali kuseri kwa nyumba, akundisambitsa ndi madzi a m'beseni. Ndinayankha molira kuti vuto linali langa, sindinawauze amalume kuti kuli wilibala. “Kuwauza bwanji?” anatero amayi. Ndinafotokoza za masewera athu, monyadira pang'ono, kuti ine ndi amene ndimatchula njinga, agalu ndi mahampu. Dzanja la amayi linaima pamsana panga. Madzi anazizira ali chiimire, sopo akundiuma m'khosi. Kenaka ananditsira madzi otsalawo n'kundifunditsa chitenje.

Kuyambira tsiku limenelo amayi anayamba kuwayang'ana alongo awo. Anaona mmene ankafufuzira kapu patebulo ndi nsonga za zala, mmene ankapatsira moni munthu pokhapokha atayankhula. Ukwati unali utayandikira, ndipo pampando wachiwiri paja panali poti pakhale mkwatibwi, velo kumaso, popanda kamtsikana kotchula mahampu. Njira ya ku tchalitchi inkadutsa pamsika, pa Loweruka, ana akuthamangira galimoto mbali zonse.

Koma mlongo wamng'ono angamuuze bwanji mwini mbumba kuti simukuona? Mawu amenewo m'kamwa mwa amayi munalibe. Anayesa kuzungulira. Madzulo ena amalume akuothera dzuwa pakhonde, amayi anagwada n'kunena kuti, “Achimwene, tsiku lija n'lotopetsa. Bwanji wina ayendetse, inu mukakhale ku mpando wa ulemu ngati kholo?” Amalume anayankha osatembenuka, “Ndinamulonjeza mwanayu akadali wa kumsana. Ndipo alamu akowa sadziwa dzanja la munthu wina.” Zinalidi zoona, chigulireni palibe wina anaiyendetsapo. Kiyi ankaimangirira pa chingwe cha nsapato m'khosi, mkati mwa malaya. Amayi anadzuka, n'kupita kukhitchini, ndipo ndinawamva akuuza mapoto kuti lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Tsidya la msewu wathu kunkakhala aphunzitsi a kalasi langa, bambo wamtali wa ku Kasama, amene asanayambe kuphunzitsa anayendetsapo magalimoto ku migodi. Anali Mbemba, ndipo pamenepa ndiyenera kufotokoza pang'ono. Mu Lusaka, Mbemba ndi munthu wa kummawa amatchulana kuti mbuya, ndipo chibale chimenechi timachitcha chimbuya. Akuti makolo awo anamenyana kalekale, atatopa n'kugwirizana kuti nkhondo yotsala ikhale ya pakamwa. Ife ndife Achewa, koma pamaso pa Mbemba aliyense wochokera kummawa ndi Mngoni wodya mbewa, ndipo kwa ife Mbemba aliyense ndi wodya anyani, amene iwo amati kolwe. Mbuya wako akhoza kukunyoza pagulu, kukuthira ufa kumutu pa maliro kapena pa ukwati, kukulanda chipewa mpaka utachiwombola ndi kandalama, ndipo kukwiya n'koletsedwa. Pa maliro a kwanu ndi yemweyo amene amakumba manda.

Amalume ndi aphunzitsi ankachita zimenezi m'mawa uliwonse, mpanda uli pakati. “Mwauka, ba kudya mbeba?” Amalume n'kuyankha, “A kolwe, mwaseluka liti mu mtengo?” Ine zinkandichititsa manyazi, poti munthu yemweyo ndinkakamupeza m'kalasi atagwira choko, nkhope ili gwa. Ndiye tsiku lina nditaona amayi akuwoloka msewu ndi mbale ya mtedza, atavala chitenje chabwino, n'kukakhala kwa aphunzitsi nthawi yaitali, ndinadziwa kuti nkhani ndi ya masamu anga. Ndinadikira mkwapulo mpaka madzulo, koma sunabwere.

Tsiku la ukwati kunacha kowala, kamphepo kakuwomba. Alamu anali pabwalo atavula masaka, nyali yatsopano ili m'malo, maliboni oyera atamangidwa kuchokera pamphuno mpaka pa galasi. Amalume anatuluka atavala suti yawo yakuda ndi kapusi ya bulauni ija. Anaizungulira galimotoyo akuisisita ndi chikhatho, kenaka anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita: anavula chingwe cha kiyi m'khosi n'kuchiika pa boneti, ati akonze tayi. Tayiyo anaikonza nthawi yaitali.

Nthawi yomweyo pageti panamveka nthungululu. Analowa aphunzitsi, nawonso ali mu suti, kumbuyo kwawo azimayi a Chibemba a mumsewu mwathu atanyamula mbale ya ufa. Asanapereke n'komwe moni anawathira amalume ufa kumutu ndi m'mapewa, suti yakuda n'kuyera, anthu n'kufa nako kuseka. Aphunzitsi anatola kiyi ija n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

“Iyi motoka nayigwira!” anakuwa. “Imwe ba Ngoni, maso yanu yanasila kudala na kusakila mbeba mu migodi. Munthu wamene saona na wilibala pa zuba afuna kunyamula mwana wa bene? Awe mukwai! Lelo ayendesa ni ine.”

Anthu anaseka kwambiri, koma amayi sanaseke. Anali pakhomo la khitchini, atagwira mpango pakamwa. Mawu amene iwo analephera kunena kwa masabata anali atanenedwa pabwalo, pamaso pa akumpingo ndi achibale ochokera ku Katete, ndipo mwambo sunkalola mwini mbumba kukwiya. Amalume anakalipa mwamasewera, kuitana apolisi, kufunsa kuti anyani analoledwa liti kulowa m'tauni. Aphunzitsi anati kiyi ibwerera pokhapokha iwomboledwe. Msuweni wina wa kumudzi anapisa dzanja m'thumba, koma ndinaona amayi akumuponda phazi, iye n'kutulutsa dzanja lopanda kanthu.

Ine ndinali nditapsa mtima kale. Mwambowo ndinkaudziwa: ukapereka kandalama, mbuya amabweza. Ndinathamangira m'nyumba, diresi langa la operekeza likukokera pansi, ndinatsegula kachitini kanga ka pansi pa bedi, n'kubwera ndi kandalama kamene ndinkasungira maswiti. Ndinadutsa pakati pa anthu n'kukaima pamaso pa aphunzitsi, dzanja lili m'mwamba. “Tengani! Bwezani kiyi ya ba malume!”

Kuseka kunatha. Aphunzitsi anandiyang'ana, kenaka anayang'ana amayi. Dipo linali litaperekedwa poyera, ndipo mwa mwambo ankayenera kulandira. Mkulu wanga anali atatuluka kale, ataima pakhonde mu diresi lake loyera, maluwa ali m'manja. Kunkangomveka maliboni akupepheruka ndi mphepo.

Amalume ndi amene anasuntha. Anabwera kumene kunkachokera mawu anga, anapeza phewa langa, anatsetsereka nalo mpaka padzanja, n'kupinda zala zanga pa kandalamako. Chikhatho chawo chinali chozizira, cha ufa. “Bweza ndalama yako, mwanawe,” anatero chapansipansi. Kenaka anakweza mawu kuti onse amve. “Kawalala sitimulipira! Musiyeni atenge, tione ngati kolwe angayendetse motoka ya azungu!” Nthungululu zinaphulika, amayi anatembenuka n'kulowa m'khitchini, ndipo anakhalamo kanthawi.

Aphunzitsi atakhala pa chiwongolero, amalume anawerama pa chitseko n'kuyamba kuwatukwana mwatsatanetsatane. Anawauza kuti giya yachiwiri imafuna kunyengerera, si nthambi yolumphira. Hampu aziikwera chopingasa poti mimba ya alamu ili pafupi ndi dothi. Mabuleki aziponda kawiri. Aphunzitsi ankangoti, “Namvela, ba mbeba,” koma ndinaona kuti akumvetseradi, ngati mmene ankafunira kuti ife tizimvetsera m'kalasi. Kenaka amalume anamugwira dzanja mkulu wanga, kumutsitsa pakhonde, kumulowetsa pa mpando wachiwiri, n'kusonkhanitsa diresi lonse ndi manja awo kuti lisapanidwe ndi chitseko. Anatseka okha chitsekocho, mofatsa, monga ankachitira nthawi zonse.

Ife tinakwera minibasi ya hayala imene inkatsatira pambuyo. Amalume anakhala pawindo, ufa ukadali m'makutu, anakana kuupukuta. Kutsogolo kwathu kagalimoto kobiriwira kankayenda pakati pa Matero, velo ya mkulu wanga ikuuluka, ana akuthamanga mbali zonse, azimayi a pamsika akusiya tomato n'kuimirira. Ngakhale aja a motoka ya munthu womana ankaliza nthungululu. Amalume anatulutsa khutu pawindo. Injini ikalira mokhadzula ankakuwa kuti, “Wapha giya, kolwe iwe!” minibasi yonse n'kugwa ndi phwete. Ikalira bwino ankangogwedeza mutu pang'ono. Ine ndinakhala pambali pawo nditafufuma ngati chule, kandalama kaja kakundiotcha m'manja. Ukwati wonse sindinaumve kukoma, ndipo pa chithunzi chimene chili kwa mkulu wanga mpaka lero, kamtsikana ka kumapeto kakuoneka ngati kali pa maliro.

Amalume sanayendetsenso. Galimotoyo anakhala nayo zaka zina zambiri, akuitsuka Loweruka lililonse ndi manja amene ankadziwa sipoko iliyonse popanda maso, ndipo panopa ili kwa ine ku Mtendere, ikulirabe ikafuna. Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. Chimene chinatseka nyengo ija chinachitika mawa lake la ukwati.

Linali Lamulungu masana, alendo atayamba kubalalika, pabwalo pali mapepala ndi zitsekerero za mabotolo. Amalume anauza amayi kuti agwire tambala woyera uja, wamkulu pa onse, amene ngakhale pa ukwati anamuletsa kuphedwa. Amalume anamumanga miyendo okha, n'kundiitana. “Pereka kwa aphunzitsi ako. Ukawauze kuti anyani atha pamsika, adyeko iyi.” Ndinakana. Ndinati munthu wakuba sapatsidwa nkhuku, ndipo iwo omwe ananena dzulo kuti kawalala sitimulipira. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija, ndipo ndinanyamula tambalayo.

Ndinawapeza aphunzitsi pakhonde akuchonga makope. Ndinanena uthengawo mwamwano mmene ndikanathera, osagwada, ndikuyembekeza kuti abweza chipongwe chawo cha mbewa monga mwa masiku onse. Sanabweze. Anaika cholembera pansi, anaimirira, n'kulandira tambalayo ndi manja awiri ngati akulandira kwa munthu wamkulu. Anayang'ana tsidya la msewu, kumene amalume anali atakhala pa mpando wawo pafupi ndi galimoto, nkhope italoza kwina. Anayang'ana nthawi yaitali, maso atafiira. “Ukabauze ati napokelela,” anatero.

Ndinabwerera ndikukankha miyala ndi phazi, wokhutira kuti wakuba uja wachita manyazi, ndipo sindinawapatse moni wa pamsewu mpaka mvula itagwa. Ndinkadziwa masamu ochotsera, ndinkadziwa kuti wolanda ndi mdani ndipo wopatsa ndi mnansi. Zoti pali katundu wina amene munthu sangathe kumutula yekha, ndipo amathokoza amene wabwera kudzamulanda anthu akuseka, mutu wanga unali usanakule kufika pamenepo.